Khanda Likabanika Mwadzidzidzi Kenako N'kutsitsimuka

Pali chinthu chimene chimachitikira makanda ena chimene nthawi zambiri sichitha ngakhale mphindi imodzi, koma mayi amene wachiona ndi maso ake sachiiwala. Mwana amene amayamwa bwinobwino, kapena amene anali m'tulo, amangosiya kupuma, milomo n'kuda, thupi n'kulobodoka kapena kuuma gwa, maso n'kutembenuka, ndipo ngakhale mumuitane sasonyeza kuti akumva. Mayi asanamalize n'kukuwa komwe, mwana uja amakoka mpweya mwamphamvu, n'kulira, ndipo posakhalitsa amayamba kufunafuna bere ngati palibe chimene chachitika. Ndikufuna kulemba za nthawi imene imatsatira kutsitsimuka kumeneku, chifukwa ndi pamene ambiri a ife Amalawi okhala kuno ku Johannesburg timasankha kukhala pansi, kuthokoza Mulungu ndi kudikira kuti kuche, pamene tikanayenera kunyamuka.

Ntchito yanga kuno ndi yolera ana a amayi anzanga amene amalawirira kukagwira ntchito m'nyumba za mabwana ku Sandton, ku Randburg ndi kwina, ndipo ana ena amabwera m'manja mwanga asanakwanitse miyezi 4. Zimene ndikulemba pano ndazimva kwa anamwino a kusikelo, kwa madokotala a ana amene ndakumana nawo ndikuperekeza amayi, ndiponso pa maphunziro a thandizo loyamba amene ndinachita chifukwa cha ntchito yomweyi.

Madokotala a ana amachidziwa bwino chinthuchi. M'chaka cha 2016 bungwe la madokotala a ana a ku America la American Academy of Pediatrics linakhazikitsa dzina lakuti BRUE, limene limanena za mwana wosakwana chaka chimodzi amene kwa kanthawi kochepa wasintha khungu, wasiya kupuma kapena wapuma modukizadukiza, walobodoka kapena wauma thupi, kapena wasiya kuzindikira zimene zikuchitika, kenako n'kubwerera mwakale popanda chifukwa chooneka. Chofunika kumvetsa n'chakuti dokotala amafika ponena kuti chifukwa sichikuoneka pambuyo poti wafunsa mafunso onse ndi kumuyeza mwanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mayi ali m'chipinda chake usiku sangathe kufika pa mfundo imeneyo yekha, ngakhale atakhala kuti walera ana ambiri. Madokotalawo amati ngozi ndi yochepa kwa mwana amene wapitirira masiku 60, amene sanabadwe masiku ake ali kutali kwambiri, amene zamuchitikira koyamba, zosapitirira mphindi imodzi, ndipo sanafunike kuti wachipatala amutsitsimutse. Mwana wotere angamuyang'anire maola ochepa n'kumubweza kunyumba. Koma mwana amene sanakwanitse miyezi 2, amene anabadwa masiku asanakwane, kapena amene zamubwereza, kawirikawiri amamugoneka kuti aone kapumidwe kake usiku wonse.

Chimene amafufuza n'chakuti kuseri kwa kubanika kwa kanthawi kochepako kungakhale matenda amene sanayambe kudzionetsa. Nthawi zambiri chimakhala chinthu chaching'ono, monga mkaka umene wabwerera kuchokera m'mimba n'kutseka kukhosi kwa kanthawi. Nthawi zina ndi kachilombo ka RSV kamene kamatupitsa tinjira ta mpweya m'mapapo, kamene kuno kamafala kwambiri kuyambira chakumapeto kwa nyengo yamvula mpaka kulowa m'nyengo yozizira, ndipo kwa khanda laling'ono kwambiri chizindikiro choyamba chikhoza kukhala kusiya kupuma, chifuwa chisanamveke n'komwe. Chifuwa chokoka mtima nachonso chimachita zomwezo kwa makanda amene sanalandire katemera woyamba wa pa masabata 6: wamkulu m'nyumba amakhala akutsokomola kwa milungu ingapo osadandaula, koma khanda likachitenga silitsokomola kwenikweni, limangobanika. Palinso matenda a m'magazi, a m'chikhodzodzo ndi oumitsa khosi, kukomoka kochokera mu ubongo, kuchepa kwa shuga m'thupi, vuto la mtima lobadwa nalo, ndiponso mankhwala amene mwana wamwetsedwa. Zonsezi mwana akhoza kukhala nazo koma n'kumaoneka bwino pa ola limene mukumuyang'analo.

Sindikunena kuti kapumidwe kalikonse kachilendo ndi ngozi. Khanda la masabata ochepa limapuma mofulumira, n'kuima masekondi 5 kapena 10, n'kuyambiranso lokha, khungu osasintha, ndipo zimenezi zimatha mwana akamakula. Limadzidzimuka m'tulo n'kutambasula manja, ndipo m'masiku oyambirira zikhatho ndi mapazi zimatha kuoneka zakuda chifukwa cha kuzizira. Chimene chiyenera kutinyamula ndi kupuma kumene kwaima masekondi 20 kapena kuposerapo, kapena kumene kwaima kanthawi kochepa koma mwana n'kusintha maonekedwe kapena kulobodoka. Mabuku ambiri amati mwana amasanduka wabuluu, koma pa khungu la ana athu zimenezi sizioneka msanga pamasaya. Muyang'ane mkati mwa milomo, lilime ndi nkhama: zikasiya kufiira n'kuoneka zotuwa kapena zakuda, mpweya wachepa m'magazi.

M'chisanu cha chaka china, mtsikana wina wa kwathu amene ankakhala m'chipinda choyandikana ndi changa anagogoda pakhomo panga usiku, atanyamula khanda lake la mwezi umodzi ndi masabata angapo. Anati mwanayo anali ndi chimfine chochepa kuyambira dzulo lake, ndipo atamaliza kuyamwa anangoti zii m'manja mwake, walobodoka ngati nsanza yonyowa, mpaka anamusisita pamsana. Pamene ankandiuza zimenezi n'kuti mwanayo akuphethira maso, akuyamwa chala. Bambo a mwanayo anaima pakhomo n'kunena kuti, “Amayi, mwanatu ali bwino, taonani nokha. Tidikire kuche, ndipo inu mukudziwa kuti mapepala athu anatha.” Apongozi a mtsikanayo, amene anawaimbira foni kumudzi, anati ndi tsempho ndipo pafunika kuti banjalo likhale pansi liulule. Ndinawayankha bambowo kuti, “Achimwene, ngati mukuopa, tsalani, koma ine ndi amake mwana tikupita pompano.” Tinaitanitsa galimoto ya pa foni, ndipo iwonso anakwera. Kuchipatala anamuika kachipangizo pa phazi n'kupeza kuti mpweya wachepa m'magazi ake, anamugoneka n'kumupatsa okosijeni, ndipo usiku womwewo mwanayo anasiyanso kupuma ali m'wodi, anamwino ali pafupi. Anali ndi matenda a m'tinjira ta mpweya aja. Anatuluka atachira, ndipo lero ndi mnyamata wa sukulu.

Mantha a bambo aja si opanda maziko, ndipo sindiwapeputsa. Tonse tamva kapena taona anthu akuima pazipata za makiliniki n'kumafunsa ziphaso, ndipo pali amayi amene analankhulidwa mawu opweteka chifukwa cha kumene anachokera. Koma lamulo la dziko lino lili kumbali ya mwana wanu, ndipo ndi bwino kulidziwa kuti mulankhule molimba mtima. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limanena kuti palibe munthu amene ayenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi, ndipo gawo 28 limapatsa mwana aliyense ufulu wolandira chithandizo chofunika cha zaumoyo, osati mwana wa nzika yekha. Lamulo la zaumoyo la 2003 limati amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 amene sali pa medical aid (inshuwalansi ya zaumoyo) azithandizidwa kwaulere m'zipatala za boma. Mu Epulo 2023, pa mlandu umene bungwe lomenyera ufulu wa anthu lotchedwa SECTION27 linakasuma, khoti lalikulu la ku Johannesburg linatsimikiza kuti ufulu umenewu ndi wa amayi ndi ana onse, mosayang'ana dziko limene achokera kapena ngati ali ndi mapepala. Zipatala zazikulu za boma zimene zimalandira ana usiku ndi usana zilipo: Rahima Moosa Mother and Child Hospital ku Coronationville, Charlotte Maxeke ku Parktown, ndi Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Dziwiranitu lero kuti chapafupi ndi kumene mumakhala ndi chiti, ndipo mukafika musakhale pamzere mwakachetechete monga tinazolowera. Pitani kwa namwino woyamba amene mwamuona n'kumuuza kuti khanda linasiya kupuma.

Popeza mwana amafika kuchipatala atatsitsimuka kale, dokotala amadalira kwambiri mawu a munthu amene anaona. Apa ndi pamene timataya zambiri. Mayi amakhala kuntchito, mwana wabanika m'manja mwa wolera kapena mlongo wake wa zaka 12, ndipo madzulo amene amapita kuchipatala ndi mayi yekha, wongomva nkhani. Amene anaona ndi maso apite nawo, ngakhale atakhala mwana. Adzafunsidwa ngati mwanayo anali maso kapena m'tulo, ngati anali atangoyamwa kumene, ngati anasanza kapena kutsokomola, mtundu umene milomo inasanduka, ngati thupi linafooka kapena linauma, ngati manja ndi miyendo zinkagwedezeka mbali imodzi kapena zonse, kutalika kwa nthawi, ndiponso chimene chinachitidwa kuti atsitsimuke. Nthawi ya mantha imaoneka yaitali kuposa mmene ilili, choncho ngati pali munthu wachiwiri m'nyumba ayang'ane wotchi, ndipo ngati mwana akugwedezeka koma akupuma, ajambule vidiyo pa foni, chifukwa madokotala imawathandiza kwambiri kusiyanitsa kukomoka ndi zinthu zina. Tengani kabuku ka mwana ka kusikelo ka kuno, kotchedwa Road to Health, kapena buku la kuchipatala la kwathu ngati mwana anabadwira ku Malawi. Ngati Chingelezi kapena Chizulu chikukuvutani, tengani mnzanu womasulira, ndipo musavomere ndi mutu funso limene simunalimve.

Nenaninso chilichonse chimene mwana wamwa, osabisa. Ndikudziwa kuti timachita manyazi kuuza namwino za mankhwala a liwombo kapena mizu imene agogo anatumiza pa basi, ndiponso za timabotolo ta mankhwala a ana timene anzathu a kuno amatilangiza kugula m'masitolo kuti mwana asamalirelire usiku. Tina mwa timabotolo timeneti timakhala ndi mowa kapena zinthu zogonetsa, ndipo thupi la khanda silingathe kupirira mlingo umene wamkulu amauona ngati madontho chabe. Mankhwala a chifuwa ndi chimfine a akuluakulu kapena a ana okulirapo si oyenera makanda. Uchi suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana chaka. Mwambo wa kuno wopopera mwana mankhwala kumbuyo wavulaza makanda ambiri. Dokotala akadziwa chimene chalowa m'thupi amafulumira kupeza chothandiza, ndipo kukalipidwa kwa kanthawi n'kopepuka poyerekeza ndi kumusiya akufufuza mumdima.

Za tsempho ndi liwombo ndizilankhula mwaulemu, chifukwa amene amatiuza ndi makolo athu ndipo amatero chifukwa chokonda mdzukulu wawo. Koma ndaona nkhani ya tsempho ikusandutsa usiku wa matenda kukhala bwalo la milandu, mwamuna ndi mkazi akulozana zala pamene mwana akubanika pakati pawo. Ngati banja lili ndi zokambirana, lidzakambirana mwana ali m'manja mwa madokotala. Liwombo lokha limanenadi zoona za thupi la mwana, koma osati zimene timaliganizira: likalowa m'kati kwambiri, makamaka mwana akutsekula m'mimba kapena kusanza, ndiye kuti madzi atha m'thupi, ndipo likatupa mwana ali phee osalira, chikhoza kukhala chizindikiro cha matenda oumitsa khosi. Zonse ziwiri sizichira ndi mankhwala opaka pamutu. Mphinjiri ya m'khosi nayo ndimapempha amayi kuti aichotse mwana akamagona, popeza chingwe chilichonse pakhosi pa khanda chikhoza kukola.

Pa nthawi yeniyeni imene mwana wasiya kupuma, chinthu choyamba chimene manja amafuna kuchita ndi kumugwedeza mwamphamvu, ndipo chimenechi ndi choopsa kuposa zonse. Khosi la khanda ndi lofooka, mutu wake ndi wolemera, ndipo kugwedeza kumadula timitsempha ta mu ubongo mpaka kumusiya wakhungu, wolumala kapena kumupha. Musamuthire madzi ozizira, musamufukize utsi, musamupachike chadodolido. Muitaneni, musisiteni pamsana, mumenyeni pang'ono kuphazi. Ngati sakuyankha ndipo sakupuma, wina aimbe 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, inu mumugoneke chagada pamalo olimba, musindikize pakati pa chifuwa chake maulendo 30 mofulumira, kenako mumupumire kawiri pang'onopang'ono, pakamwa panu pataphimba kamwa ndi mphuno zake, ndipo mubwereze zimenezi mpaka atapuma kapena thandizo litafika. Ngati watsamwa ndi chinthu ndipo akutsokomola mwamphamvu, musiyeni atsokomole. Ngati sakutha kulira kapena kutsokomola, mugonekeni chafufumimba pamkono panu mutu uli m'munsi pang'ono, mumenyeni ndi chikhatho pakati pa mapewa maulendo 5, mutembenuzeni n'kusindikiza pachifuwa maulendo 5, ndipo musapise chala kukhosi kufufuza chinthu chimene simukuchiona. Kuwerenga zimenezi sikukwanira, manja amayenera kuyesera pa chidole. Mabungwe a St John ndi South African Red Cross Society amaphunzitsa thandizo loyamba, ndipo magulu athu a amayi a kumpingo ndi a chipereganyu akhoza kusonkha ndalama kuti mmodzi kapena awiri akaphunzire.

Kutentha thupi kuli ndi lamulo lake losavuta. Mwana wosakwana miyezi 3 akafika madigiri 38, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuyamwa ndi kumwetulira, ndipo musayambe mwamupatsa panado n'kudikira kuti muone. Kwa makanda aang'ono matenda aakulu amabweranso ndi thupi lozizira kwambiri, kukana bere, kugona kosadzuka, kubuula popuma, nthiti kulowa m'kati, kapena kupuma kofika maulendo 60 pa mphindi. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi n'kotchipa m'mafamase, ndipo chikhatho cha mayi pachipumi sichingalowe m'malo mwake. Ana a pakati pa miyezi 6 ndi zaka 5 amatha kukomoka chifukwa cha kutentha thupi, ndipo ngakhale zimaopsa kuona, ambiri sizimawasiyira vuto. Mugonekeni cham'mbali, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, ndipo zikapitirira mphindi 5 itanani ambulansi. Akatsitsimuka apitebe kukayezedwa.

Pamenepa pali mfundo imene imatikhudza ifeyo kuposa anzathu obadwira kuno. Ku Johannesburg kulibe udzudzu wofalitsa malungo monga kwathu, choncho namwino akaona mwana wotentha thupi saganiza msanga za malungo. Koma ife timakwera mabasi mu Disembala, kudutsa pa Beitbridge ndi ku Tete, kukaonetsa mwana kwa agogo ake nyengo yamvula ili pakati, n'kubwerera mu Januwale. Mwana amene watentha thupi, wafooka kapena wakomoka pambuyo pa ulendo wotere ayenera kuyezedwa malungo tsiku lomwelo, ndipo ndi inu amene muyenera kuyamba kunena kuti munali ku Malawi kapena ku Mozambique, ngakhale papite milungu ingapo chibwerereni.

Palinso ana, kuyambira cha m'ma miyezi 6, amene akapsa mtima kapena akagwa amalira n'kugwira mpweya mpaka kuda milomo ndi kukomoka pang'ono. Amayambiranso kupuma okha ndipo zimatha akamakula, koma koyamba akaonedwe ndi dokotala, amenenso amayeza magazi chifukwa kuchepa kwa ayironi kumawonjezera vutoli.

Nyengo ya Juni ndi Julayi kuno imazizira kuposa mmene ambiri a ife tinazolowera, ndipo ambiri timakhala m'chipinda chimodzi chimene ndi chogona, chophikira ndi chochezera. Timatseka mazenera, timayatsa hita ya parafini kapena kulowetsa mbaula, n'kumufunditsa mwana mabulangete atatu mpaka kumutu. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo khanda ndi limene limayamba kufooka akuluakulu asanamve n'komwe mutu kupweteka. Mbaula isagone m'nyumba. Khanda lizigona chagada nthawi zonse, pamalo osalobodoka, popanda pilo, nkhope ili poyera, ndipo ndi bwino kulivekera zovala zofunda kusiyana ndi kuliunjikira zofunda. Amayi ambiri kwathu amagoneka ana chafufumimba poopa kuti angatsamwe ndi masanzi, koma khanda lathanzi limene lagona chagada limameza kapena kutsokomola lokha, ndipo m'mayiko amene anayamba kulimbikitsa kagonedwe kameneka m'zaka za m'ma 1990, imfa za mwadzidzidzi za makanda m'tulo zinatsika kwambiri. Kumene malo ndi ochepa ndipo mwana amagona ndi makolo, asagone pafupi ndi munthu amene wamwa mowa kapena amene amasuta, asagone pakati pa ana anzake, ndipo wamkulu asagone naye pa sofa. Utsi wa fodya usalowe m'chipinda cha khanda.

Mayi aliyense amene amandisiyira khanda lake timakhala pansi tsiku loyamba n'kugwirizana zinthu zingapo. Amandisiyira kabuku ka Road to Health kapena chithunzi chake pa foni, amandiuza ngati mwanayo anabadwa masiku asanakwane kapena ngati anayamba wabanikapo, ndipo timasunga ndalama ya galimoto mu envulopu imene sitiikhudza pa chifukwa china chilichonse. Ndimawauzanso kuti mwana akasintha maonekedwe kapena kapumidwe, sindidzadikira kuti bwana wawo awalole kuyankha foni kapena kuti aweruke: ndidzanyamuka naye, ana enawo n'kuwasiya kwa mnansi amene tinapangana kale, ndipo iwo ndidzawaimbira ndili m'njira kuti akandipeze kuchipatala.